Majini a Sisita Thombozi

Bwana amene mwachokera kuboma, takulandirani, ndipo pepani ndi fumbi la msewu wathu. A inchaji athu bambo Ganizani, mafumu amene mwatilemekeza, Shehe Hamadi asalamu alaikumu, a katekisiti, bambo Elliam Thombozi pamodzi ndi ana ndi zidzukulu amene mwalawirira kuwoloka Shire kuchokera ku Utale, anamwino, azaumoyo, okolopa, alonda, ndi inu amayi a kusikelo amene mwakhala pamphasa kumbuyoko, zikomo nonse. Sikomo kwejinji.

Amene simundidziwa, ndine Blasius, woyendetsa ambulansi ya pachipatala chathu chaching'onochi. Ine zoyankhula pagulu si mbali yanga, yanga ndi chiwongolero. Atandisankha ndinakana. Koma anzanga anati palibe amene wakhala pafupi ndi Sisita Maness Thombozi zaka zambiri kuposa ine. Bambo Elliam, musandiyang'ane choncho. Akunena za pampando wa galimoto.

Ndiyambe ndi kupepesa. Mwaona ambulansi yaima choloza kugeti, chitseko chakumbuyo chili chotsegula. Sikuti ndikufuna kuthawa ndi mbuzi mwaphikayo iyayi. Kuseri kwa khoma ili, m'chipinda cha amayi, mwagona mtsikana dzina lake Kulusumu, wa kumidzi ya cha ku Ngokwe. Mwini wake ndi malume ake Che Haruna, amene akhala apowo, andilola kuti ndimutchule. Mimba yake ndi yoyamba ndipo yatsala pang'ono. Mmawa uno bipi yakwera, nkhope yatupa, mphete yakana kuvuka. Amubaya jakisoni woteteza kuti asakomoke, ndipo akumukonza kuti apite ku chipatala chachikulu ku Liwonde. Sisita Modester, amene akulowa m'malo mwa a Thombozi, ali naye pomwepo. Akangondikodola pawindo ilo, ine ndisiyira pomwepo, ngakhale pakati pa mawu. Musadzati Blasius ndi wamwano.

Tsono pamene tikudikira, tiyeni tiwanene pang'ono mayiwa, poti mawa sadzakhalapo kuti atikalipire.

Ndani pano amene Sisita Thombozi anamupatsapo moni akumuyang'ana kumaso? Palibe! Anthu timapatsana moni m'maso, iwo amapereka moni kumapazi. "Mwadzuka bwanji?" maso ali pa akakolo. Ukangochedwa kuyankha, wapeza agwada kale, chala chachikulu chadina pamwendo, akuyang'ana ngati dzenje litsala. Tsiku lina kunabwera mlendo wolemekezeka kudzaona chipatala, atatenga mayi akunyumba. Ife tafola, tavala zochapa. Mayi aja kutsika m'galimoto, Sisita awo pansi, chala dinu! "Mayi, nsapatozi zayamba liti kukuthinani?" A inchaji a nthawi imeneyo anafuna kulowa pansi. Koma mayi aja anapita kwawo ndi mapiritsi a bipi.

Nanga dzina lija? Musanamizire kuti simulidziwa. Sisita Chete! Bambo Elliam, akazi anu kuno timawatchula Sisita Chete. Munthu sangatsokomole pafupi ndi chipinda cha amayi. Wailesi ya alonda anaitsekera m'kabati ya mankhwala mpaka mpira unatha. Ine tsiku lina ndinaliza hutala pageti kuthamangitsa mbuzi. Anatuluka, anangotsegula boneti ngati makaniko n'kundifunsa kuti, "Waya wa phokosoli ndi uti?" Ndinaloza ndekha. Miyezi ingapo ndinkayenda ndikukuwa pawindo ngati kondakitala wa minibasi ya ku Liwonde.

Ndiye pali mafunso awo aja. Mayi wabwera kusikelo kudzangokwera pasikelo n'kumapita kukaphika. Iwo ayamba. "Amayi anu alipo? Ankabereka bwanji? Ankatupa? Nanga achemwali anu? Alipo amene anakomokapo ali ndi pakati?" Mpaka agogo a kumanda amadzutsidwa. Mzere ukufika kumsewu, iwo ali pa azakhali. Ndipo funso lomaliza ndi lija linatsala pang'ono kutiwotchetsa chipatala: "Bambo a mimba iyi ndi omwe aja, kapena ndi atsopano?" Ha! Mayi wina anayankha kuti ndi atsopano, osadziwa kuti akale aja ali pawindo ndi njinga. Ine ndi amene ndinaleretsa, ndipo dzino ili silinagwe lokha.

Mukuseka. Sekani ndithu, chifukwa kumene ndikupitaku kulibe zoseketsa zambiri.

Matenda amene agwira Kulusumu ali ndi dzina lalitali lachizungu limene lilime langa limakana. Ife timangoti bipi ya mimba. Magazi amathamanga, mutu umawawa ngati ukung'ambika, maso amaona tinyenyezi masana, nkhope ndi manja zimatupa. Ukachedwa, mayi amagwa n'kuyamba kuphupha, thovu kukamwa. Ine ndinawadziwa matendawa Sisita atangofika kumene kuno, akadali ndi tsitsi lakuda. Anabwera naye mayi wina, Abiti Hassani, ataphupha kale kunyumba. Mwana anabadwa pano, wamkazi, wamoyo. Mayiyo tinamukweza m'galimoto kuti tithamangire naye ku Liwonde. Ine phazi pansi. Titadutsa Nselema ndinamva mawu kumbuyo, otsika bwino: "A Blasius, chepetsani liwiro."

Woyendetsa ambulansi aliyense amawadziwa mawu amenewo. Sufunsa. Umangozimitsa sailini, n'kufuna pokhotera. Tinabwerera kumudzi pang'onopang'ono, Sisita atafukata kakhanda kaja pachifuwa. Kakhanda kameneko ndi Kulusumu.

Patapita zaka, Sisita anatumizidwa ku maphunziro ku Blantyre. Nkhani iyi andiuza okha kuti ndiinene, ndipo namwino aliyense watsopano amamukhazika pansi n'kumuuza. Anabwerako ndi chikwama chatsopano, ambulera, ndi liwu limodzi latsopano. Tsiku la sikelo anaimirira pansi pa mtengo wa mango uwo, amayi atadzaza, ine ndikutsuka galimoto chapafupi.

"Amayi," anatero, "akatswiri apeza kuti bipi ya mimba mbali ina imachokera m'majini."

Amayi onse anayang'anana.

"Munthu amabadwa nawo majini. Ena amatengera kwa mayi ake, ena kwa bambo ake. Tonse tili nawo. Ngakhale ine ndili nawo."

Mayi wina wachikulire anakokera mpango kumaso n'kufunsa, "Sisita, inuyo muli nawo angati?"

"Osawerengeka, mayi. Ali thupi lonseli, mpaka m'tsitsi."

"Nanga kuchipatala kuno mumachotsa?"

"Iyayi, sachoka. Umafa nawo, ndipo umasiyirako ana ako."

Abale anga! Ine nsanza inagwa m'manja. Iwo ankanena majini a m'buku, tinthu ting'onoting'ono ta m'thupi timene timachititsa mwana kutenga mphuno ya agogo ake. Koma kuno mukati majini, ngakhale mwana wa sukulu amadziwa kuti mukunena zija zimalowa munthu n'kumugwetsa pansi. Mayi wa ku Utale, wokulira mu kwaya ya tchalitchi, buku litamuphimba m'maso, anaiwala kumene waima. Anamaliza phunziro lake mokondwa, n'kumati lero amayi amvetsera mwachidwi.

Sabata yotsatira kusikelo kunabwera mbuzi zokha. Kumsika ana ankathawa akawaona. Ogulitsa matimati ankawaikira basera asanapemphe. Alonda anayamba kuwapatsa moni ali patali. Tinaseka, ine ndiye ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Sisita atazindikira anayenda m'midzi kukonza mawu awo, amayi anayamba kubwerera, ife tinati zatha.

Sizinathe. Madzi akatayika saoleka. Abiti Hassani anasiya ana aakazi atatu: Ramla, Nafisa ndi Kulusumu. Ramla, woyamba, anali pansi pa mango paja tsiku limenelo ndi mimba yake yoyamba, ndipo kukonza kuja sikunamupeze. Miyezi itakwana anayamba kutupa, mutu osaleka. Masana ena akusinja anagwa pamtondo n'kuyamba kuphupha. Tsono inu ganizani. Munthu wagwa, maso atembenuka, thovu kukamwa. Amayi ake anafa chimodzimodzi. Ndipo namwino wa boma ananena yekha pagulu kuti ndi majini, otengera kwa mayi, osachotseka kuchipatala. Mukanakhala inu mukanapita naye kuti? Anthu aja sanali opusa. Anapita naye kwa munthu wotulutsa majini, kumene anamufukiza lubani ndi kumuimbira ng'oma. Ng'oma, abale, pa munthu amene phokoso lokha likhoza kumuyambitsanso kuphupha.

Anafika naye pano mawa lake pa ngolo, dzuwa lili pamutu. Sisita anachita zonse zimene manja angachite. Tinamukweza. Ulendo umenewo ndinayendetsa ngati wamisala, ndipo tinafika mpaka pa Ntaja. Ndinayamba kunena mumtima kuti uyu yekha tifika naye. Kenako mawu aja kumbuyo. "A Blasius, chepetsani liwiro."

Ramla anapita pamodzi ndi mwana wake. Pamaliro Che Haruna sanakalipe, sanatukwane. Bola akanatukwana. Anangowagwira Sisita dzanja n'kunena kuti, "Sisita, ife tinangomvera inu." Pobwerera m'galimoto ine ndinalira, sindibisa. Sisita sanalire. Anangoti ndiwatsitse pa mzikiti.

Shehe Hamadi, inu mukukumbuka. Mayi wa Chikatolika anavula nsapato pakhomo panu n'kukupemphani kuti mumubwereke pakamwa panu. Ndipo Lachisanu limenelo, swala itatha, munauza amuna onse kuti mayi woyembekezera akatupa kapena akagwa, ayambe wafika kuchipatala, mapemphero amutsatira komweko. A katekisiti ananenanso zomwezo Lamulungu, chifukwa nafenso Akhristu tinali ndi kwathu kothawira. Zikomo akuluakulu inu. Pali ana ambiri akuthamanga m'midzimu chifukwa cha mawu amenewo.

Kuyambira pamenepo liwu lija silinatulukenso pakamwa pa Sisita. Anayamba kunena kuti ndi za kumtundu. Amati mbewu ya nkhokwe imodzi, ina imapirira ng'amba, ina imafota, ndipo sungaidziwe poiyang'ana m'manja. Mafunso aja timaseka anayambira pamenepo. Mayi amene amayi ake kapena mchemwali wake anadwalapo bipi ya mimba, mwayi woti imugwire umakula. Ndipo funso la abambo lija silinali la miseche. Anandifotokozera tili pa ulendo kuti vutoli limayambira pa nsengwa, ija imatuluka pambuyo pa mwana, ndipo nsengwa ndi ya mwana, yomangidwa ndi magazi a anthu awiri. Bambo akakhala watsopano, thupi la mayi likhoza kuilandira mimbayo ngati yoyamba. Amunafe tinkayesa kuti gawo lathu n'kudikira panja ndi njinga, osadziwa kuti tili momwemo. Za chete zija ndiye simufunanso kuti ndifotokoze. Hutala wanga anafera ng'oma zija.

Zaka zapitazi kunabwera achinyamata ofufuza, aulemu bwino, kudzapempha magazi a amayi amene avomera. Sisita anawalandira ndi chenjezo limodzi: liwu lija mulisiye m'galimoto. Ine ndinawafunsa pamene tinkadya chinangwa kuti, kodi simungamuyeze mtsikana asanakwatiwe n'kumuuza kuti iwe uli nazo, iwe ulibe? Anandiyankha mosabisa. Anati si kanthu kamodzi koti n'kukaloza. Ndi tosiyana tambirimbiri, aka kuwonjezera pang'ono, ako kuchotsera pang'ono, tina ta mayi, tina ta mwana, ndipo ta anthu akuno ambiri sitinafufuzidwe n'komwe. Anati mwina ana athu adzaona makina otero. Ine ndinawakhulupirira chifukwa cha Nafisa. Mimba imodzi ndi Ramla, bere limodzi, koma wabereka ana ake onse popanda ngakhale mutu kumuwawa. Tsono Kulusumu watengera ndani, Ramla kapena Nafisa? Palibe amene akanatiuza. Tadziwa mmawa uno.

Ndicho chifukwa mtima wanga suli paphwando pano, ndinene zoona. Makina aja kulibe. Chimene tinali nacho ndi chala chachikulu cha mayi awa, kamakina ka bipi kamene mabatire ake amatha pakati pa mzere, ndi mafunso otopetsa aja. Lero chalacho chikupita ku Utale kukapalira nandolo. Sisita Modester ndi mwana wakhama, tamuona, koma ndi mmodzi, ndipo mzere wa Lachiwiri mumaudziwa. Mafunso amadya nthawi. Tsiku lina adzatopa, adzafuna kungoyeza n'kuitana wina. Mwana wanga Modester, ngati ukundimva kudzera pawindopo, ukadzatopa udzafunsebe limodzi lokha: amayi anu ankabereka bwanji? Bwana ochokera kuboma, ine ndi dalaivala chabe, koma mwamva.

Sisita Thombozi, tsopano ndilankhule ndi inu. Mwatikalipira, mwatithimitsira mawailesi, mwatidina miyendo pamaso pa alendo. Koma palibe mayi amene munamusiya yekha kumbuyo kwa galimoto yanga. Pamabampu onse a msewu uwu munali chogwada, dzanja lina pa diripu, lina pamutu pa wodwala. Maondo anuwo anathera m'galimoto mwanga. Munalakwitsa liwu limodzi, ndipo mwalilipira zaka zonsezi popanda wokutumani. Ambiri tikalakwa timapempha transifa. Inu munakhala pomwepo, pamaso pa anthu omwewo. Zikomo mayi. Bambo Elliam ndi ana, zikomo potibwereka mayi anu, ndipo pepani kuti tikukubwezerani atatha.

Kulusumu munamulondola kuyambira tsiku lija munamufukata. Atangokwatiwa munatuma uthenga kwa malume ake kuti akadzangoima, abwere msanga. Anabwera mwezi wachiwiri. Miyezi itayandikira munamuitanitsa kuti adzakhale kuchidikiro, pafupi ndi maso anu. N'chifukwa chake lero bipi yagwidwa asanagwe, asanaphuphe. Amayi ake sanaupeze mwayi umenewu, Ramla sanaupeze.

Koma mmawa uno atauzidwa za ku Liwonde, mwanayo anakana. Anayang'ana pawindo, anaona galimoto yanga, n'kutembenukira kukhoma. Anati, "Imeneyo inatenga amayi, inatenga achemwali. Onse inabwera nawo ataphimbidwa. Ine ndifera pompano." Ine ndinali pakhomo, ndinamva ndi makutu angawa. Zinandilasa, abale. Galimoto imene ndimaitsuka tsiku lililonse, kwa mwana uyu ndi jeneza, chithatha cha maliro cha matayala. Ndipo ndimutsutsa bwanji? Wanama pati?

A inchaji analankhula, anakana. Che Haruna anachonderera, anakana. Kenako mwanayo anati, "Ndikwera ngati a Sisita Thombozi akwera." Wina anamuuza kuti a Sisita ntchito yatha, lero ndi tsiku lawo lovala bwino ndi kulandira mphatso. Sisita anatuluka, anakavala chilundu chokongola mwachionachi, anadzakhala pampando wapamwamba umene tawakonzera. Tsono zaka zonsezi akhala akutiyang'ana ife kumapazi. Lero tiyeni tiwabwezere. Tayang'anani kumapazi kwawo. Musabise pansi pa tebulo, Sisita, taziona kale. Nsapato zoyera za ntchito, zakutha chidendene zija.

Bambo Elliam, lole ya katundu mupita nayo nokha. Mayi mukawapeza ku Liwonde. Utale ndi patsidya chabe, mukawatenga zikatha.

Mukakafika kumeneko, Sisita, mukapume. Mukagone mpaka dzuwa likuwotcheni. Mbuzi za ku Utale musakazidine miyendo, sizinalakwe. Atambala akalira musakawafunse kuti waya ndi uti. Mukadye nandolo wanu, mukalere zidzukulu, maondowo akapole. Mulungu amene tonse pano timamutchula, aliyense m'chinenero chake, akakupatseni masiku ambiri opanda sailini.

Ndinali ndi nkhani inanso ya tsiku limene tinatitimira m'matope pafupi ndi... Basi, nsalu ya pawindo lija yagwedezeka, Sisita Modester akundikodola. Akonzeka.

Imirirani nonse. Mwambo umati tiwombe m'manja mpaka malata agwedezeke, amayi aimbe nthungululu. Mayi awa akuyenera zimenezo ndi zoposa. Koma wodwala akudutsa pakhonde pomwepa, ndipo inu mukudziwa lamulo la Sisita Chete. Tiwombe chapansipansi, manja ofumbata, monga timachitira popereka ulemu kwa akulu. Choncho. Pang'onopang'ono. Musaleke mpaka titatuluka pageti.

Tiyeni, Sisita, mpando wanu uli momwe muja. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi pamaso pa anthu onsewa. Kawiri konse mwandiuza mawu aja ndi anthu a nyumba imeneyi, ndipo kawiri konse ndinamvera. Lero musandiuze. Inu otsala, Shehe, a katekisiti, aliyense apemphere m'njira yake kuti madzulo ano mundione ndikulowa pageti ili ndili ndekha, kumbuyo kulibe munthu.